Mbuzi za a Kachale Zivala Ndolo

Mukafika ku Area 23, kumapeto kwenikweni kumene msewu wafumbi umatsetserekera ku Tsabango, musavutike n'kufunsa za bambo Greenwell Kachale. Dzina limenelo amalidziwa ndi akumpingo okha. Ingofunsani kuti, "Kwa a Mbuzi n'kuti?" Aliyense akulozerani, ena atagwira mphuno.

A Kachale anabwera m'tauni kuchokera kwa Kasinje ku Ntcheu m'chaka cha 1994, ndevu zikanali zowerengeka. Anagwira ntchito ya umesenjala pakampani ina ku Kanengo zaka zisanu ndi zinayi, kunyamula makalata ndi kuphikira mabwana tiyi, mpaka tsiku limene mabwanawo anazindikira kuti tiyi angathe kumaphika okha. Anzawo amene anachotsedwa nawo limodzi, ena ndalama zopumira anazimwera, ena anakwatirira mitala. Iwo anagula kapuloti kumapeto kuno, kukanali tchire lokhalokha, n'kupita ku Mitundu kukagula mbuzi ziwiri zazikazi. Anthu anawaseka kwambiri. Munthu kuthawa mbuzi kumudzi, n'kudzagulanso mbuzi mumzinda!

Koma mbuzi zimenezo n'zimene zinafolera nyumba ndi malata. N'zimene zinaphunzitsa Jemima, mwana wawo woyamba, mpaka kukhala namwino. Mayi awo a Kachale atamwalira ku Ntcheu, bokosi linagulidwa ndi tonde mmodzi, ndipo amene ankaseka aja anadya nawo ndiwo pamaliropo osafunsa kumene zachokera.

Tsiku lililonse a Kachale ankalawirira ndi njinga kumsika kukatola masamba a kabichi ndi makoko a nthochi, pobwerera n'kudzera kuchigayo kugula madeya. Mbuzi zawo ankazidziwa kutsokomola kwake. Ikangoima pakona itaweramitsa mutu, iwo anali atadziwa kale ngati ndi njoka zam'mimba kapena yangodya jumbo. Pamene nkhani iyi ikuchitika anali nazo khumi ndi zitatu, ndipo yapamtima inali mkota wakuda wa banga loyera pamphumi, mdzukulu wa mbuzi zoyamba zija. Anautcha Penshoni.

Vuto linali lakuti tauni inawapeza. Dambo limene ankadyetsera linadulidwa mapuloti, ndipo ogulawo anali anthu a mipanda ya njerwa, amene amakonda kanyenya wa mbuzi koma mbuzi yamoyo ayi. Lero dandaulo la fungo, mawa la maluwa odyedwa. Khola lenilenilo linali lapansi, mitengo yake yofumbwa, ndipo dzinja lililonse matope ankaoletsa ziboda. Chimene a Kachale ankalakalaka chinali chimodzi: khola la m'mwamba, lamatabwa, lakuti ndowe zizigwera pansi, fungo lichepe, anansi atseke pakamwa. Zaka zinayi akulilota, mtengo wa matabwa unkathamanga kuposa njinga yawo.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti boma lakumbukira alimi ang'onoang'ono a ziweto. Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu. Anafika bwana wa suti yotuwa kuchokera ku Thumba la Tukula Khola, atanyamula botolo la madzi ngati mmene amachitira anthu odziwa zinthu. Anati ngongole ilipo, ya chiwongoladzanja chochepa, ndipo si zokhazo, msonkho nawo wachotsedwa. Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira. Bwana uja anafotokoza kuti aliyense woitanitsa kunja makina okamira mkaka, makina oswetsera mazira, kapena galimoto ya firiji yonyamulira nyama, salipira kanthu pachipata.

A Kachale, amene chinthu chakunja chimene anagulapo ndi jekete ya pakaunjika, anakweza dzanja.

"Bwana, nanga chiphaso chimene timadula pamsika tikapita ndi mbuzi, chimenecho chachotsedwanso?"

"Zimenezo n'za khonsolo, bambo. Ife tikukamba za pachipata cha dziko."

"Nanga msonkho wa pa mankhwala a njoka zam'mimba?"

"Mukayamba kuitanitsa kontena yathunthu, tidzakambirana. Koma choyamba mukalembetse ku ofesi ya zamisonkho. Sangakukhululukireni msonkho musanalembetse kuti muzikhoma."

Anthu anaombanso m'manja. Kuno munthu wa suti akamaliza chiganizo timaomba, kumvetsa kumabwera pambuyo.

Malamulo a ngongole anali atatu. Alimi akhale pagulu la anthu khumi. Aliyense akhale ndi khola lake, muli mbuzi zosachepera zisanu. Ndipo mlangizi wa ziweto adzabwera kudzaona ndi maso ake.

A Kachale anazungulira dera lonse sabata yathunthu kufuna alimi anzawo asanu ndi anayi. Anapeza oweta nkhuku, oweta nkhunda, ndi mkulu wina woweta agalu olusa. A mbuzi enieni anali kutsidya, m'midzi ya ku Tsabango, ndipo amenewo anali m'kaundula wa dera lina. M'dera lawo mlimi wa mbuzi anali mmodzi, ndiye iwowo. Ngongole ya alimi a mbuzi inali itafika, koma mlimi wa mbuzi sakanaitenga chifukwa anali yekha.

Apa m'pamene anatulukira McDonald Tsokalida. McDonald ndi munthu amene sipanadutsepo pulogalamu m'dera lino iye osakhalamo. Anali wapampando wa gulu la achinyamata ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Anabzalapo mitengo zikwi ziwiri imene palibe anaionapo. Ngakhale gulu la amayi amasiye, mlembi wake anali iyeyo. Anafika Lamlungu masana atavala malaya osita bwino, n'kukhala pampando asanauzidwe.

"Madala, inu muli ndi mbuzi koma mulibe gulu. Ine ndili ndi gulu koma ndilibe mbuzi. Simukuona kuti Mulungu watikumanitsa?"

"Nanga anthu anuwo aonetsa chiyani kwa alangizi?"

"Mbuzi zanu zomwezi. Mlangizi akamachoka nyumba yoyamba kudzera kumsewu, mbuzi zikudzera kuseri, m'tinjira tapakati pa mipanda. Akamafika nyumba yachiwiri, azipeza zikudya. Mbuzi ilibe chiphaso cha nzika, madala. Dilu yake ndi yosavuta, tsiku limodzi basi. Tonse tilandira, inu mumanga khola lanu la pamwamba lija."

Mayi Olipa, akazi awo a Kachale, amene mfunda wawo ndi Nangozo, anali pakhonde akusankha nyemba, ndipo McDonald atachoka sanadikire kufunsidwa.

"Bambo a Jemima, munthu ameneyu anabwerekapo wilibala yathu. Inabwerera?"

"Mutu umodzi susenza denga, Nangozo."

"Denga lake liti? Anthu asanu ndi anayi alowa pansi pa denga, wosenza ndinu nokha. Inu mkulu wa mpingo, mukayendetse mbuzi m'makwalala ngati wakuba?"

"Sindikuba. Mbuzi ndi zanga, ndipo madzulo zigona m'khola langa."

Anatero ndithu, ndipo anakhulupirira. Munthu akalota khola zaka zinayi, ngakhale bodza limamveka ngati nzeru.

Gululo analitcha Tiyese Livestock Club. Munali Veronica wa saluni, munali wowotcherera zitsulo, munali wogulitsa mayunitsi, aphunzitsi awiri opuma, mlamu wake wa McDonald, ndi ena amene mbuzi ankaidziwira pachiwaya pokha. Popeza panalibe wodziwa kumanga khola, anamanga ndi a Kachale, makola asanu ndi anayi m'masabata awiri, osalipidwa. Ndipo chifukwa munthu wa ntchito yake salola zinthu zosalongosoka, anati khola latsopano lopanda fungo lingawagwiritse. Ananyamula ndowe za mbuzi m'matumba, n'kukawaza m'khola lililonse, n'kukhula tonde m'mitengo kuti musiyike ubweya. Bodzalo analikonza mwaluso kuposa mmene eni bodza akanathera.

Pokonza ndondomeko ya maulendo, McDonald anawafunsa kuti akufuna akhale nambala chiyani.

"Ndikhale womaliza," anatero a Kachale. "Kuti zikamamaliza kuzungulira zikhale zafika kwawo, ndisavutikenso kukazitenga."

McDonald anavomera msanga, ndipo ngakhale iye sankadziwa kuti wavomera chiyani.

Tsikulo linali Lachitatu, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mlangizi anali mayi wachitsikana, Annie Mvula, amene anafika panjinga yamoto atavala majombo, chikwama chili kumsana. Nyumba yoyamba inali ya Veronica. A Kachale, ndi kunyada kwa mlimi, analowetsa m'khola mbuzi zisanu ndi imodzi zonenepa kwambiri, Penshoni ali patsogolo, kuti mlangizi ayambe ndi kuona zabwino. Zotsalazo anazigwira ndi zingwe kuseri kwa bafa, iwo n'kumasuzumira pampata wa mpanda. Mtima unali mbee. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Veronica anaima pakhomo la khola, zikhadabo zopenta, atatalikira pang'ono kuopa kununkha.

"Zimadya chiyani?" anafunsa mlangizi.

"Zimadya... zakudya zake zomwezo," anayankha Veronica.

Mlangizi analemba. Anawerenga mbuzi, n'kulembanso. Kenaka anatsegula chikwama, n'kutulutsa kachitsulo konga pulayala ndi mpukutu wa timapulasitiki tachikasu ta manambala.

"Tsopano chikole," anatero. "Khola lililonse ndisankhamo mbuzi imodzi, ndiiveke ndolo iyi. Nambala yake ilembedwa padzina la mwini khola. Imeneyo ndi ya Thumba mpaka ngongole ithe. Siigulitsidwa, siiphedwa, siiwerengedwa pakhola lina. Wochotsa ndolo, nkhani yake ndi ya kupolisi."

Zimenezi bwana wa suti uja sananene. Mwina zinali patsamba limene linamatirira ku linzake.

Mlangizi anayang'ana mbuzi zija ndi diso la munthu amene anapitadi kusukulu ya ziweto, n'kuloza ya banga pamphumi. Kunamveka kuti kha! Penshoni analira kamodzi, n'kupukusa mutu, ndolo yachikasu ikulendewera. Kuyambira mphindi imeneyo inali mbuzi ya Veronica wa saluni.

Kuseri kwa bafa, a Kachale anasiya kusuzumira. McDonald anawapeza atatsamira khoma.

"Tsokalida, zatha. Ndikutenga mbuzi zanga."

"Madala, musapange phuma. Mukatuluka pano n'kunena kuti mbuzi ndi zanu, oyamba kukwera galimoto ya polisi ndi ndani? Veronica angoti anabwereka. Makola anamanga ndani? Ndowe anawaza ndani? Ndolo ndi pulasitiki chabe iyi, mbuzi ibwera kwanu madzulo ano. Tiyeni, mayiyu akumaliza Fanta."

Imeneyo inali mbali ina ya ndondomeko: nyumba iliyonse mlangizi ankapatsidwa Fanta ndi mpando, kuti mbuzi zipeze nthawi yodutsa. Ndipo zinadutsadi. Anthu a m'dera lino sadzaiwala tsiku limenelo. Mkulu wa mpingo, thukuta lili kamukamu, akukoka mbuzi m'tinjira ta madzi a m'bafa, kudumpha ngalande, kuwerama pansi pa zingwe zoyanikapo zovala, pambuyo pake mayi Olipa akukusa zotsalira ndi kanthambi, pakamwa posatseka.

"Ndinanena ine. Wilibala inapita, tsopano zikupita ndi za miyendo."

Nyumba yachiwiri, kha! Yachitatu, kha! A Kachale anayamba kubisa zabwino n'kumalowetsa zowonda, koma mlangizi pa zisanu zilizonse ankasankhabe yoposa zinzake, ndipo nthawi zonse yaikazi. Pofika nyumba yachinayi anayang'anitsitsa tonde wa nyanga yopindika amene anali atakumana naye kale katatu.

"Mbuzi za kuno zimafanana bwanji," anatero.

"N'zapachibale, madamu," anayankha McDonald. "Tonde wake ndi mmodzi dera lonse lino."

Mlangizi anamuyang'ana, n'kuyang'ana tonde, n'kuyang'ana fomu. Anali atauzidwa ku ofesi kuti pofika Lachisanu akhale atalemba alimi makumi asanu, ndipo anali ndi khumi ndi awiri. Analemba.

Atatuluka m'nyumba yachisanu, a Kachale anaima pansi pa mtengo wa mango n'kuwerenga ndi zala. Zopanda ndolo zinatsala zisanu ndi zitatu. Nyumba zotsala iwo asanafikiridwe zinali zinayi. Anawerenganso kachiwiri, kuyambira chala china, koma yankho silinasinthe.

"Tsokalida, kwanga zikafika zinayi. Lamulo likuti zisanu. Mmodzi mwa anthu anuwa atsale."

"Atsale ndani, madala? Amene timusiye ndi amene akatiwulule. Mlamu wanga mukumudziwa pakamwa pake. Inu musadandaule. Mayiyu akangoona khola lanu adziwa yekha kuti mlimi weniweni ndi uyu. Zinazo ndikamba naye ine."

Pali anthu amene akati "ndikamba naye ine" umayenera kuyamba kulira nthawi yomweyo. A Kachale anakoka zingwe n'kupitiriza. Kunena zoona, panalibenso kobwerera. Anali ngati munthu amene wafika pakati pa mtsinje, madzi ali m'khosi, kutsogolo ndi kumbuyo kutalika chimodzimodzi.

Nyumba yachisanu ndi chinayi inali ya McDonald mwini. Zinalowa zisanu zokwanira ndendende, n'kutuluka zinayi: tonde wa nyanga yopindika uja, mifule iwiri, ndi kamsoti kamodzi kowonda kamene mlangizi anakakana maulendo onse. Dzuwa linali litapendeka pamene zinalowa m'khola lawo lenileni, zitatopa, malilime ali panja.

Mlangizi anafika akuyenda mwaulesi, Fanta zisanu ndi zinayi zili m'mimba. McDonald sanabwere nawo. Anati waitanidwa mwadzidzidzi.

Mayi uja anaima pakhomo la khola nthawi yaitali. Anaona chomwera chosemedwa ku tayala, mwala wamchere wonyambitidwa mpaka kusalala, mabotolo a mankhwala atapachikidwa mwadongosolo pansi pa denga. A Kachale anamubweretsera kope lakuda m'mene analemba tsiku lobadwa la mbuzi iliyonse kuyambira 2003, mayi wake, ndi kumene inapita. Anatsegula masamba angapo, ndipo nkhope yake inasintha.

"Bambo, zili zinayi."

"Zinayi, mayi."

"Fomu imafuna zisanu."

"Mayi, ndinu mwana wanga inu, msinkhu wa Jemima. Mwaona nokha. Mbuzi zonse mwaveka ndolo lerozi..."

"Bambo," anawadula, mawu atatsitsa, "chimene mukufuna kunenacho musanene. Mukanena, ine ndiyenera kulemba. Ndikalemba, gulu lonse lagwa, inu mukagona kupolisi, ine ntchito yatha chifukwa ndasaina mafomu asanu ndi anayi. Simunanene, ine sindinamve."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Mukachulukitse ziweto. Gawo lachiwiri likadzatsegulidwa mudzayesenso."

Pafomu yawo analemba kuti mlimiyu sanafike pa mlingo. Pomwe ankaliza njinga yake sanayang'anenso m'mbuyo, ndipo ndikhulupirira kuti manyazi anali nawo. Koma manyazi salowa m'kaundula.

Chimodzi chokha McDonald ananena zoona: mbuzi zinabwera madzulo omwewo. Panalibe mwa alimi asanu ndi anayi aja amene ankafuna kugona ndi chinthu cholira pakhomo. Veronica anabweza Penshoni dzuwa lisanalowe, akudandaula kuti wadya thaulo la kasitomala. Pamsonkhano wotsatira gulu linagwirizana kuti zikole zonse zizisungidwa kwa a Kachale, poti ndiwo anali ndi luso, ndipo anawasankha kukhala mlangizi wamkulu wa gulu. Anawaombera m'manja. Za madeya palibe anatchula.

Ndalama zinatuluka mu Disembala. Veronica anagula zowumitsira tsitsi ziwiri ndi galasi lalikulu. Wowotcherera anagula jenereta. McDonald anagula njinga yamoto n'kuipereka kwa wakabaza, ndipo anayamba kuyankhula za kuima nawo pa ukhansala. Makola asanu ndi anayi aja anasanduka nkhuni mvula isanathe. Ulimi wa mbuzi unatukukadi m'dera lathu, moti ngakhale lipoti linanena choncho.

A Kachale anapitiriza kulawirira kumsika. Mbuzi khumi ndi zitatu zinkadya monga kale, koma zisanu ndi zinayi zinali za eni ake. Khirisimasi itayandikira, nthawi imene chaka chilichonse ankagulitsa ziwiri kapena zitatu, wachiwaya wawo wakale anabwera, n'kuona ndolo, n'kubwerera chambuyo.

"Izi ndi za boma izi, madala. Ndili ndi ana ine."

Anagulitsa mifule iwiri ija, kuti apeze madeya odyetsera mbuzi za anthu ena.

Tsiku lina mayi Olipa anatulukira kukhola ndi sizasi yosokera.

"Gwirani mutu, ndidule zinthu zimenezi."

"Bowo litsala, Nangozo. Adzaona khutu."

"Ndiye tidule khutu lonse."

"Ndalakwa kamodzi. Ndisawonjezere."

"Kuba kwa anthu ena munathandiza, koma kudzibera zanu zomwe ndiye mukuopa tchimo?"

A Kachale anatambasula dzanja. Anatenga sizasi ija n'kukaibwezera m'nyumba. Anali ndi chikhulupiriro chakuti anthu aja abweza ngongole, ndolo zichotsedwa, nkhani ithe. Anayamba ngakhale kuyenda m'makomo mwawo kumapeto kwa mwezi, kuwakumbutsa mwaulemu kuti akapereke. Munthu amene anakanizidwa ngongole ndiye amene ankaisowera tulo. Veronica ankawauza kuti bizinesi yavuta, magetsi akuzimazima. McDonald ankati, "Ndalama za boma izi, madala, ndi misonkho yathu yomwe. Munaonapo ndani atamangidwa?"

Palibedi anamangidwa. Mu Ogasiti, kunja kukuwomba mphepo yafumbi, inabwera lole yoyera ya matabwa m'mbali. Munali kalaliki wa Thumba ndi fayilo yake, wapolisi mmodzi, ndi amuna awiri onyamula katundu. Annie Mvula sanali nawo, anali atasamutsidwira boma lina. Anayamba kwa Veronica, ndipo Veronica, osasiya kuluka mutu wa kasitomala, analoza ndi chipeso.

"Chikole chimasungidwa kwa a Mbuzi. Mukhotere kumanzere."

Nyumba zina zonse zinaloza komweko. Kwa McDonald anapeza loko.

Anawapeza a Kachale akusakaniza madeya ndi mchere. Kalaliki anawerenga manambala asanu ndi anayi, aliyense ndi dzina la mwini wake, ndipo dzina la Kachale silinamveke. Anansi a mipanda ya njerwa aja anatuluka kudzaonerera, ena akumwetulira poganiza za maluwa awo.

"Inu ndinu wosunga chabe eti, bambo?" anafunsa kalaliki.

A Kachale anayang'ana wapolisi, n'kuyang'ana akazi awo amene anaima pakhonde manja ali m'chiuno, misozi ya ukali ili m'maso.

"Wosunga chabe," anatero.

Onyamula katundu aja analowa m'khola ngati akukagwira akuba. Mbuzi zinabalalika, zina kugunda mitengo. Mmodzi anagwira Penshoni mwendo wakumbuyo n'kuyamba kumukhwekhwereza, pomwe timbuzi take tiwiri, tobadwa masabata atatu apitawo, tikulira pambuyo.

"Iwe! Siya!" Mawu a Kachale anadzidzimutsa ngakhale wapolisi. Zaka zonsezi palibe anawamvapo akukalipa. "Sagwira choncho mbuzi yoyamwitsa. Uthyola chiuno. Choka, ndikweza ndekha."

Anatuluka onse m'kholamo. A Kachale anaima pakati n'kuliza kamluzu kawo ka masiku onse, ndipo mbuzi zinasiya kuthamanga n'kubwera kudzawanunkhiza m'manja. Anazinyamula imodziimodzi, dzanja lina pachifuwa lina kumbuyo, n'kumaziika m'lole mofatsa. Anapempha kuti pansi payalidwe udzu kuti zisaterereke, ndipo udzuwo anakatenga wawo. Anauza kalaliki kuti ya nambala 006 ili ndi bere, isapanikizidwe, ndipo ya 003 isapatsidwe madeya ambiri imatupidwa. Kalaliki anagwedeza mutu, osalemba.

Penshoni anamukweza pomaliza. Timbuzi tija tinazungulira matayala a lole tikulira, mayi wawo akuyankha m'mwamba.

"Tianato tilibe nambala," anatero kalaliki. "Tikhoza kutsala."

Mayi Olipa anatsika pakhonde. "Titsale ndithu. Chimenecho chokha n'chimene tapeza."

A Kachale anatiyang'ana. Masabata atatu. Ankadziwa bwino lomwe kuti popanda bere sitifika Lamlungu, ndipo mkaka wa m'sitolo sakanaukwanitsa. Anawerama, n'kutinyamula tonse tiwiri, kena kukhwapa uku kena uku, n'kutiika pafupi ndi mayi wawo. Tinayamba kuyamwa lole isanalizidwe n'komwe.

M'khola munatsala tonde wa nyanga yopindika ndi kamsoti kowonda kaja.

Mmodzi mwa onyamula katundu aja, amene anakalipiridwa uja, anamanga chitseko cha lole ndi waya, n'kupukuta manja m'thalauza. Anali ataonerera zonse mwachidwi, ndipo anayankhula ndi mtima wabwino ndithu, wofuna kuthandiza munthu wachikulire.

"Koma madala, mbuzi mumazidziwa inu. Mukungosungira anthu chonchi bwanji? Gawo lachiwiri latsegulidwa mwezi uno. Pezani anzanu naini, mukatenge ngongole, muyambe kuweta zanu."